Mthuthuthu wa bambo musagulitse

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno kunja ku Brampton thupi lili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Loweruka ndikudikira basi, ndinaona mkulu wina wachizungu akulimbana ndi mthuthuthu wakalekale, wofanana ndi wa malemu bambo uja. Amaponda, koma osalira. Ndinangozindikira ndikuukankha, monga tinkachitira pamtsetse wa kusukulu paja. Utalira, mkuluyo anandifunsa, "Unaphunzira kuti zimenezi?" Ndinamuonetsa chipsera cha ekizozi chija pamwendo. Basi inandisiya.

Chichokereni pamenepo sindikugwira ntchito bwino. Ndamva kuti ogula zitsulo akuufuna wa bambowo. Chonde musagulitse. Muuthire mafuta, muukankhe ndi ana, ukalira mundiimbire foni ndiumve.

Mulungu akusungeni nonse.

Mlongo wanu,
Tiyamike