Ngolo ya Ng'ombe Yaotcha Atatu

Loweruka, kuno ku Thokoza. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma ine magazi akuwirabe.

Che Saidi, mlonda wa ku Actonville amene amatsogolera timu yathu pa gemu ya pa intaneti ya nkhondo ya akasinja, anandiimbira m'mawa. "Amayi, kasinja wanu wa Angereziyo ndi ngolo ya ng'ombe. Mukatiluzitsanso lero, tikuchotsani."

Kasinja wangayo kuchedwa amachedwadi, mfuti yakenso ndi yaing'ono, koma chitsulo cha kutsogolo n'chokhuthala. Ndinamuimika pamsewu wopapatiza, adani n'kundiwomba kasanu ndi kawiri. Mabomba asanu ananjanja, awiri analowa, msilikali wanga mmodzi anapsera momwemo. Sindinasunthe. Ndinali nditawerenga kuti mdani akawomba, ndimapuma kanayi asanawombenso. Popuma kachitatu ndinamuboola m'nthiti, mutu wa kasinja wake n'kukagwera padenga. Wachiwiri ndinamupanikiza kukhoma mpaka anayaka.

Wachitatu anali Che Saidi eni ake. Anadutsa pakamwa pa mfuti yanga akukuwa, "Sunthani, amayi, mukutseka njira!" Anayaka bwino kuposa onse.

Tapambana. Sanandichotse, koma sanaimbenso. Sindikudziwa kaya ndapha awiri kaya atatu, chifukwa kunena zoona Che Saidiwo ndinawaona bwinobwino chala changa chisana...