Tiyi Sasungunula Mafuta

Lolemba, 8 Sepitembala

Mantha a mwana aliyense amene bambo ake anapita msanga: kuti chomwe chinawatenga chili m'magazi mwanga. Lero kuchipatala dokotala wandiyeza, n'kuyezanso. Magazi akuthamanga kwambiri. Ine wa zaka 24 zokha. Bambo anagwa pakhomo pa sitolo yawo asanakwane 50, mbali imodzi ya thupi n'kufa, sabata yotsatira maliro.

Dokotala akuti mchere uchepe, mafuta achepe, kuyenda mwamphamvu m'mawa uliwonse. Mapiritsi adikire kaye, tione ngati thupi limva. Kunena n'kosavuta. Iyeyo si mtengwa watsopano m'nyumba ya eni.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Ndawauza apongozi pa chakudya cham'mawa. Amayi Salomat sanavutike kupeza wolakwa. "Ndi khofi wako uja unaphunzira ku Tashkent! Kuno ku Margilan timadya oshi, mpunga wathu wonona wa nyama ya nkhosa, pamwamba tiyi wobiriwira wotentha, mafuta onse kusungunuka. Wafa ndani?" Timapaketi tanga ta khofi atitsekera m'kabati ya mbale za alendo.

Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndiye ndafotokoza, mofatsa, ngati m'kalasi. Chinthu chogalamutsa chili mu khofi chilinso mu tiyi, kungoti mu khofi n'chochuluka, n'chifukwa chake mtima umatha kugunda msanga. Timapaketi tija n'todzaza shuga. Pamenepo akunena zoona, atenge. Tiyi wathu wopanda shuga ndi wabwino ndithu, ndimukonda. Koma m'mimba si mumphika moti n'kutsukamo ndi madzi otentha. Mafuta a kumchira kwa nkhosa ukadya, wadya.

Davron, mwamuna wanga, kungoseka. "Aphunzitsi, belu lalira, tiyi akuzizira."

Lachinayi, 11 Sepitembala

Mbandakucha ndasesa bwalo ndi kutsogolo kwa chipata, ndawaza madzi, monga achitira mtengwa aliyense. Kenako nsapato za masewera zija ndinabisa pansi pa sutikesi. Kutsata ngalande mpaka ku mitengo ya mabulosi, n'kubwerera. Thukuta. Mpweya wozizira m'chifuwa. Ndinali nditaiwala kuti miyendo iyi ndi yanga.

Ndafika buledi asanapse. Palibe ntchito yomwe ndasiya. Koma makatani m'nyumba za anthu amagwedezeka ndikamadutsa.

Loweruka, 13 Sepitembala

Kunabwera Azakhali Muqaddas a nyumba yoyang'anana nafe, amene amadziwa za mimba ya munthu mwiniwake asanadziwe. Ine ndagwada ndi tipoti. Iwo kwa apongozi, maso ali pa ine: "Mtengwa wothamanga m'misewu kusanache, akuthawa chiyani? Kapena tinene kuti akuthamangira ndani?"

Mlendo umamuthirira tiyi pang'ono pokha, m'kambale komwera tiyi, kuti uzimuthiriranso kawirikawiri, aone kuti ukufuna akhalitse. Ine ndawadzazira mpaka m'milomo mwa kambale. Ngakhale mwana amadziwa tanthauzo: imwani muzipita. Anayang'ana kambaleko, n'kuyang'ana apongozi, n'kunyamuka osalawa.

Ndinatola tipoti n'kulowa kukhitchini. Kupepesa ayi.

Lamlungu, 14 Sepitembala

Chipata chokhoma. Kiyi ali m'thumba la apongozi, ndipo akuti chizitsegulidwa nthawi yopita kusukulu basi. "Bola mtengwa wonenepa kusiyana ndi mtengwa wokhala pakamwa pa anthu."

Davron akuti ndipirire. "Ukangobereka, palibe adzakulondalonde." Ndamufunsa ngati akudziwa zomwe mimba imachita kwa mkazi amene magazi ake akuthamanga kale. Wapita kukayang'ana matayala a galimoto.

Ndimamukonda. Lero pang'ono.

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Akhoma chipata, sanakhome miyendo. Ndikamaliza kusesa ndikuyenda m'bwalo momwemu: pansi pa mphesa, kuseri kwa ng'anjo ya buledi, pa mpopi, pa khola la nkhuku, kubwereranso pa mphesa. Mwachangu, manja akugwedezeka, mpaka thukuta. Apongozi ali pa thandala la matabwa ndi tipoti yawo. "Tinalowola mphunzitsi, atipatsa bulu wozungulira chigayo." Ndawaweramira mwaulemu n'kupitirira.

Madzulo oshi. Ndadya mpunga, karoti, kanyama pang'ono. Mafuta ndawakankhira pambali. M'mbale imodzi ya banja lonse sungabise kanthu. "Wanyoza dzanja langa." Sindinanyoze, Amayi. Oshi wanu alibe mnzake m'dera lino, ndipo n'chifukwa chake ndikuvutika.

Lachitatu, 24 Sepitembala

Kuchipatala. Kuthamanga kwa magazi kwatsika, koma pang'ono. Dokotala akuti ndisasiye, ndipo wafunsa ngati ndimayenda mtunda wautali. Ndayankha kuti mtunda ulipo, malo ndiwo achepa.

Mutu unkandiwawa masiku oyamba nditasiya khofi, tsopano zii. Fungo lake lokha ndilo ndikulisowa, makamaka mphunzitsi wa masamu akamatakasa wake pa nthawi yopuma. Tsiku lina ndidzamwanso, kapu imodzi, weniweni, wopanda shuga. Mdani si iyeyo. Mdani ndi kukhala pansi, mbale yonona, ndi kudzinamiza kuti tipoti ikonza zonse.

M'bwalo mwatuluka kanjira, dothi lalimba ngati simenti. Azakhali Muqaddas ayamba kusuzumira pa mpata wa chipata. Ndikafika pamenepo ndimawaweramira, ulendo uliwonse. Amene atope ndi iwo.

Lachisanu, 26 Sepitembala

Dzulo pokhota pa mpopi ndinaponda rayihoni wa apongozi, zitsamba zonunkhira zomwe amazisamala kuposa nkhuku. Sichinali dala. Tsiku lonse osandilankhula. Ndinagona ndikuganiza kuti mwina lero ndiye andiuza ndilongedze, ndikaone amayi anga.

M'mawa ndaika tsache pansi, ndamanga nsapato. Iwo ali pa chipata, kiyi m'manja.

"Mutu wanga ukuzungulira chifukwa cha iwe, ndipo dimba langa latha. Pita ukapondeponde msewu wa boma. Mpango kumutu. Buledi asapse iwe kulibe."

Ndinamanga mpango kumutu. Kenako pakamwa panga pa uphunzitsi: "Amayi, tiyeni tonse. Kungofika pa ngalande, mungoyesako. Mawondo anu aja angakuthokozeni."

"Ine? Kuti anthu azinena kuti misala njopatsirana? Choka apa!"

Anandikankha pamsana. Ndinadikira kumva kiyi akulira kumbuyo kwanga. Sanalire. Pokhota ndinacheuka. Anali chiimire pakati pa chipata chotsegula, manja m'chiuno, maso pa zenera la Azakhali Muqaddas, kudikira woyamba kutsegula pakamwa.