Usipa Wokulungidwa m'Mbiri ya Chipoka

Okondedwa achemwali Agnes,

Ndisanatsegule mlandu, muli bwanji kumeneko? Mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti kukuzizira mwankhanza, ndipo eni nyumba akwezanso lendi ngati ndimagona ndi ng'ombe.

Tsopano mlandu. Ine Enock, mlongo wanu, munthu wa digiri amene munamuimbira nthungululu atavala gauni, ndikudandaula mwalamulo za phukusi la usipa munatumiza pa basi. Usipawo ndilibe nawo mawu, watha kale. Nkhani ndi mapepala munakulungira. Nditawatambasula ndinapeza kuti ndi masamba a buku la malemu a Elliot Mtambalika, lija la mbiri ya Chipoka njanji isanafike. Achemwali, mwandidyetsa mbiri ya kwathu ndi tomato ndi anyezi!

Mwaiwala kodi benchi yawo ija pafupi ndi siteshoni? Mabuku ali ndandanda pansi pa ambulera, pambali beseni la madzi ndi kasopo. Ankati aliyense awerenge, wogula ndi wosagula yemwe, bola asambe kaye m'manja, poti mwana wa kunyanja sadzimva kuti akununkha nsomba. Inuyo ankakubwezani kubeseniko kawirikawiri, musakane. Ine mabuku awo ndinawamaliza ndili chiimire, osagula ngakhale limodzi, iwo n'kumangondiuza kuti ndisapinde masamba.

Buku lawolo analilemba ndi njinga. Maliro akagwa ku Lifuwu kapena ku Senga Bay ankafika msanga, n'kukhala pakati pa madoda, kumafunsa kuti doko lakuti analitcha ndani, banja lakuti linachokera kuti. Anthu ankawaseka kuti amakonda maliro kuposa adzukulu okumba manda. Lero madoda onsewo anagona, ndipo zimene ankadziwa zinatsala m'masamba omwewa basi. Ine kuyunivesite ndinaona mabuku ambiri, koma lotchula mudzi wathu ndi dzina ndi lokhali.

Nditawaimbira alamu a Lenard anandiuza kuti mayi Ruth, mkazi wa malemuwo, akusamukira kwa ana awo mwezi uno ukatha, ndipo makatoni a mabuku akuwagawira amayi ogulitsa nsomba chifukwa chiswe chalowa. Sindikuwanena. Asunga nthawi yaitali, ndipo buku saphika.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, mangani chitenje chabwino, mupite mukawagwadire, mukawapemphe mabuku otsalawo. Mukawaike pamwamba pa kabati, kutali ndi thandala lanu loyanikira nsomba. Ndikabwera pa Khirisimasi tidzawapereka kusukulu, ana akawerenge. Mukazengereza, buku lomaliza lipita ku Lilongwe litakulunga utaka, ndipo adzukulu anu adzayesa kuti Chipoka inagwa kumwamba.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume a ku Lifuwu, alamu anga ndi ana onse, makamaka Ella. Mumuuze kuti nsapato zija sindinaiwale.

Tsalani bwino. Ndine mlongo wanu wolakwiridwa,
Enock

Chipepeso changa ndi ichi: thumba la mpunga, mbuzi yaikazi yokhala ndi pasipoti, komanso muyende khomo ndi khomo kwa onse anagula nsomba kwa inu mwezi uno, mundipezere tsamba lotsatira. Langali lathera pomwe bwato la agogo athu layamba kumira, ndipo sindikudziwa ngati tinabadwa.