Osaizimitsa Isanatenthe

Lolemba, 7 Okutobala

Tulo sindinatione bwino. Osati chifukwa cha kutentha kapena udzudzu. Oilo. Mailo nditafika nayo motoka kuchokela ku Nyimba ndinasolola kandodo koyezela oilo wa mu injini, ndapeza watsika kufupi ndi chizindikilo cha pansi. Pansi pa motoka pouma, palibe podontha. Nanga wapita kuti?

Ndilembe bwino kuti ndisadzinamize. Ndagula motoka. Yofiila, yaifupi, yothamanga, yakale koma thupi likali bwino. Mwini wake asamukila ku Lusaka. Inakhala miyezi pamsewu popanda woifunsa, mpaka mtengo unagwa kuposa wa timotoka ta matakisi. Ine ndinaona liwilo. Kuchoka pano pa sitolo yanga ya mbewu kukafika ku chipatala cha Minga, kanthawi chabe.

Chifukwa chake sindingauze munthu. Mkazi wanga Christabel ali ndi pakati, mwezi wake ndi Novembala. Kwathu za mwana wosabadwa sizikambidwa, makamaka ndi mwamuna. Ndi nkhani ya amai ake ndi azakhali ake. Mwana wathu woyamba uja tinamutaya m'mbali mwa msewu, tikuimika mamotoka osaima. Sindidzaimikanso motoka ya munthu.

Komanso mtundu wake ndaukonda. Ichi ndiye cha kukaulula.

Lachitatu, 9 Okutobala

M'mawa uliwonse ndisanatsegule sitolo ndimailiza, ndimve kuti yalila, kenaka ndizimitsa msanga. Petulo wadula. Masana ndibwelezanso. Ikalila mtima ukhala pansi.

Gideon, mlongo wake wa Christabel, anabwela kuchokela ku Ndake ndi vaneti yake yakale yonyamulila thonje. Anaizungulila motoka kawili manja ali kumbuyo. "Mulamu Bona, mbuzi ikwela pati umu? Kapena mwayamba kuimba nyimbo za pa tivi?" Ndinaseka naye. Popita anagwilagwila chiongolelo, nkufunsa ngati ifika pa liwilo lonse lolembedwa pa wochi.

Makanika wa pa msika anatsegula boneti. Akuti injini ndi yaing'ono ngati ya chigayo, mapisitoni sakuona pokhala. Za oilo anati tithile wolimba ndi mankhwala oletsa utsi. Sindinavomele. Wogulitsa uja anandiuza kuti munthu woidziwa ndi a Ivan Njobvu a ku Nyimba, amene anaphunzila umakanika ku migodi. Nambala ndili nayo, manyazi oimba ndiwo alipo.

Sondo, 13 Okutobala

Manyazi.

Bambo Mfumu anabwela kudzachita Misa ku tchalichi chathu chaching'ono. Ndinapempha kuti adalitse motoka. Kuchoka kunyumba kufika pa tchalichi ndi pafupi, mwana angaponye mwala. Ndinaliza, ndinafika, ndinazimitsa. A kwaya anati yatsekeleza njila ya ndawala yolowela, ndinaliza, ndinasendeza, ndinazimitsa. Misa itatha Bambo anati ibwele pamthunzi wa mango. Ndinaliza, ndinasendeza, ndinazimitsa.

Pemphelo, madzi odalitsa pa boneti, pa matayala, pa ine. Amai a chigwilizano nthungululu. Ndalowa kuti ndipite. Ikungozungulila chabe osagwila, fungo la petulo thoo. Kuyesanso, chimodzimodzi, mpaka batile yafooka. Anthu onse ali chiimile.

Bambo anati, "A Bonaventure, ine madzi ndathila pang'ono chabe." Anthu anaseka. Anyamata a kwaya ndiwo anaikankha mpaka kunyumba, ali mu yunifomu.

Christabel anatsalila m'mbuyo. Anayenda kumbuyo kwa motoka pang'onopang'ono, dzanja m'chiuno. Ndinamuona pa kagalasi. Likadakhala tsiku lothamangila ku Minga?

Lachiwili, 15 Okutobala

Ndinawaimbila a Njobvu. Ndisanamalize anafunsa, "Munailiza nkuizimitsa isanatenthe?" Ndinati masiku onse, kawili pa tsiku. Anapuma mpweya wautali pa foni.

Akuti injini iyi ilibe mapisitoni, muli zitsulo ziwili za ngodya zitatu ngati samusa, zimazungulila. Ikakhala yozizila imamwa petulo wambili. Ukaizimitsa pomwepo petulo atsalila m'kati, mapulagi anyowa, basi. Ndiye kuyesa kwanga kwa m'mawa uliwonse ndiko kunali kuidwalitsa. Ndinkaganiza kuti ndikuisamala.

Anandiuza chochita. Kutchaja batile, kuponda moto mpaka pansi osasiya, kuzunguza pang'ono, kupumula, kuzunguzanso. Batile ndinakatchajitsa kwa a sola popeza malaiti kulibe. Madzulo inakhosomola, inakhosomolanso, nkulila. Utsi woyela pabwalo ponse, nkhuku zinathawa. Ndinaisiya ikulila mpaka muvi wa kutentha unafika pakati. Petulo akupita ndikuona. Mtima unawawa koma sindinagwile kiyi.

Za oilo akuti palibe chobisika, injini yake imatentha oilo pang'onopang'ono mwadala, ndi mmene anaipangila. Mankhwala oletsa utsi aja akadaipha. Zikomo Ambuye pondigwila dzanja.

Lachinai, 17 Okutobala

Ku Nyimba. Pa mahampu onse a mumsewu motoka yakhula mimba pansi. Azimai ogulitsa nthochi anathamangila poganiza kuti ndi bwana, anaona ine.

A Njobvu ndi munthu wamfupi, wa chipewa cha mafuta, wosathamangila kukamba. Ndinati ndifuna akonze chozizilitsa m'kati ndi wailesi. Anati, "Bambo, wodwala malungo samuyambila kumeta tsitsi." Poyamba moto: mapulagi onse anai, makoilo, mawaya ake. Anandionetsa pulagi imodzi, yakuda ngati pansi pa poto. Moto ukafooka petulo sapsa, mwaye udzala m'kati, tizitsulo ta kunsonga kwa samusa tija tidyeka. Kenaka oilo watsopano ndi sefa yake, ndipo botolo lizikhala m'buti, kuyeza nthawi zonse pothila petulo. Kenaka madzi a mu ladiyeta ndi mapaipi ake. Akuti ndi dzuwa la Okutobala ili, ikawila kamodzi kokha injini yatha. Batile yatsopano, chifukwa yofooka siizunguza mokwanila. Wailesi pambuyo.

Ndalama ya feteleza wa m'munda mwathu yapita pamenepo. Chimanga chaka chino chidzadya manyowa.

Chachikulu akuti ndi kuyeza mphamvu ya mpweya m'kati mwa injini. Chipangizo chake ndi chapadela, chili ndi mnzawo ku Chipata, chibwela pa basi sabata ya mawa. Kufikila pamenepo palibe angalumbile.

Anafunsa, "Nanga kuthamanga konseku, muli ndi ulendo?" Ndinati ayi. Bodza limenelo.

Chiwelu, 19 Okutobala

Lamulo lina la a Njobvu: kamodzi pa ulendo uliwonse, ikatentha, kuiponda mpaka ilile mokuwa, kuti mwaye upse. Akuti kuiyendetsa mwaulemu kumaipha. Ine moyo wanga wonse ndaphunzila kuchepetsa mawu.

Ndinachita pa msewu wowongoka wa kupitila pa sukulu. Inalila ngati njuchi zolusa, msana unamatilila ku mpando. Ambuye, ndinakondwa. Ndinabwelezanso, ndipo kachiwiliko sikanali ka mwaye.

Ndinaulula madzulo. Bambo anafunsa ngati pamsewu panali ana. Panalibe. Anati ndisamale, nkundipatsa Tikuoneni Maliya atatu.

Anthu ayamba kukamba. Mkulu wa mphakati wathu anandiuza pambali kuti msungichuma wa tchalichi woyenda mu motoka yofiila yokuwa sizioneka bwino. Ndikadayankha ndi mawu amodzi chabe, koma ndi mawu osanenedwa.

Sondo, 20 Okutobala

Christabel anatuluka yekha, nkutsegula chitseko cha motoka, nkukhala. Sindinamupemphe. Mpando uli pansi kwambili, mawondo m'mwamba. Pofuna kutuluka analephela. Ndinamugwila manja onse awili nkumukoka. Tinaseka mpaka misozi.

Atapuma anati, "Ndidziwa chimene munaigulila. Koma amama adzakhala pati, ndi beseni, ndi chikwama?" Kumbuyo kuli timipando tiwili ta ana a sukulu. Apongozi anga ndi amai athupi. Ndipo sindingakhale nawo mogundana mapewa choncho, mwambo sulola.

Ndinawelenga liwilo, sindinawelenge anthu.

Lachitatu, 23 Okutobala

Chipangizo chafika. A Njobvu anayeza injini ili yotentha. Samusa wa kutsogolo ali bwino. Wa kumbuyo ndi wofooka. Anandionetsa okha: titayenda mpaka pa mlatho ndi kubwelela, anazimitsa, nkulizanso. Inazungulila nthawi yaitali isanagwile. Akuti m'mawa yozizila idzalila bwino tsopano, koma yotentha tsiku lina idzakana, udikile izizile. Ingayende chaka, mwina ziwili. Kuitsegula nkukonza, zitsulo zichokele kunja, ndi nkhani ya Januwale.

Ndinaona njila yonse m'mutu. Kuliza, kudikila itenthe, kupita kukatenga apongozi, kuima pamenepo. Ikazima pa hampu? Ikakana pa chipata cha apongozi?

Anafunsanso, "Bambo, mwati mulibe ulendo, nanga nkhope yagwa bwanji?"

Ndinanena. Kwa mwamuna wachilendo, m'galaji, pakati pa matayala. Ndinati amai a kunyumba mwezi wawo ndi wa mawawu, ndipo woyamba tinamutaya pamsewu.

Anavula chipewa. Anapukuta manja nthawi yaitali. Kenaka anati, "Sindinamve kanthu, bambo. Koma ulendo umene simunandiuzewo, musapite ndi iyi."

Pobwelela ndinayenda pang'onopang'ono. Mwaye udzale ngati ufuna.

Lachinai, 24 Okutobala

Vaneti ya Gideon ilibe galasi limodzi, chitseko amamanga ndi lekeni. Koma imalila nthawi iliyonse, yotentha kapena yozizila, ndipo kumbuyo kulowa matilesi, apongozi, azakhali, beseni. Thonje anagulitsa kale, ntchito yake yachepa mpaka mvula.

Kumupempha ndiko kuvuta. Iye ndiye malume wa mwanayo, za mlongo wake ayenela kuzimva kwa amai ake, osati kwa ine. Ndinafunsa Christabel. Anati, "Wamkulu uja ali ndi maso. Mungomuuza za mamotoka, zina adzimvela yekha."

Ndamutumila mawu pa foni. Kuti tisinthane, iye atenge yofiila, vaneti igone pano mpaka Novembala athe. Chifukwa sindinatchule. Ndamuuza kuti oilo aziyeza, botolo lili m'buti. Muvi wa kutentha aziuyang'ana. Ku Ndake asalowe nayo m'njila za ngolo. Aziiponda ikatentha, icho sindikayika kuti adzachita. Asaizimitse isanatenthe, ngakhale anthu atamupempha kuti aisendeze chabe.

Lachisanu, 25 Okutobala

Wamvela. Tizizindikilo taonetsa kuti wamvela, mailo lomwe. Yankho palibe. Mwina netiweki ya ku Ndake. Mwina akuseka ndi anzake. Aseke, bola abwele.

Lelo sindinailize. Ndinangoyeza oilo, ndinapukuta fumbi pa boneti, kiyi ndaika pansi pa mtanda.

Christabel wasiya kusesa pakati pa bwalo, wakhala pa mpando. Akuti msana chabe, akuti si kanthu. Watuma mwana wa aneba kukaitana amai ake.

Ndatumanso mawu, aafupi. Mulamu, ndapota nanu, ndiyankheni pasanafike Sondo. Ngati ndi kuseka mudzandiseka pa ubatizo.