Tsamba 41

Lolemba, 9 Juni

Mlandu wa bomba la kudepoti andipatsa ine. Zaka zisanu ku yunivesite, zaka zisanu ndi zitatu ndili loya wa boma wothamangitsana ndi akuba njinga, lero ndiye akumbukira kuti ndilipo! Bwana akuti, "Mayi, uwu ndi wophikaphika, inu kwanu n'kupakula basi."

Woimbidwa mlandu ndi mphunzitsi wa sayansi. Akuti ankakonza zophulitsa depoti ya mabasi. Umboni: matumba awiri a feteleza ndi mawaya. Feteleza! Ndiye kuti amalume anga onse ndi zigawenga. Koma pali chikalata chomwe anavomera yekha ali m'chitokosi, ndipo mlandu wonse waima pamenepo.

Ndalemba manambala pa masamba onse a fayilo ndi cholembera chofiira, monga mwa matenda anga. Alipo 63.

Lachiwiri, 10 Juni

Munthu wa digiri, koma pansi pa chivomerezo sanasaine. Anadinda chala. Chakumanzere. Ndafunsa Sajeni yemwe anamufunsa mafunso, akuti, "Anali atatopa, madamu." Atatopa! Ine ndimatopa tsiku lililonse koma dzina langa sindinaliiwalepo.

Kenako tsamba 41. Fomu ya dokotala: zala zitatu za kumanja zothyoka. Deti lake n'lomwelo la chivomerezo.

Ndinapita nayo kwa Bwana. Anaigwira ndi nsonga za zala ngati thewera. "Iyi muisunge kaye. Likanaphulika bombalo, bwenzi mukuwerenga mafomu a anthu angati?" Ndinagwedeza mutu. Ndinasekanso, Mulungu andione. Fayilo yapita kwa loya wa mphunzitsi ilibe tsambalo. Lili m'chikwama changa, m'kathumba ka zipi, pamodzi ndi mankhwala a mutu.

Lachitatu, 11 Juni

Mutu. Koma mankhwala ali m'kathumba komweko, ndiye ndangopirira.

Lachinayi, 12 Juni

Kukhoti. Jaji akufuna aone kaye ngati chivomerezo chinaperekedwa mwaufulu. Mphunzitsi anati anamumenya. Ine ndinaimirira, ndipo ndisaname, ndinaiphula. "Mukuti zala zinathyoka? Dokotala anakuonani? Nanga pepala lake lili kuti, aphunzitsi? Kapena galu anadya homuweki?" Anthu anaseka. Mabatani a malaya a mphunzitsiyo anali osemphana, limodzi litatsala lendelende m'khosi.

Pa nthawi yopuma mayi ake anandiimitsa m'khonde. Ndinakonzeka kutukwanidwa, bola akanatero. Iwo akuti, "Mwanangu, inu ndinu akuluakulu pano. Mundipemphereko kwa asilikali ndingomumanga mabatani. Sanayambe waima pa anthu chonchija." Ndinati si mbali yanga. Ndinanenadi mawu amenewo kwa mayi wa msinkhu wa amayi anga.

Kenako Chitedze, loya wake, mnzanga wa m'kalasi. "Iwe, zaka zisanu ndinkakopera manotsi ako. Sunadumphepo nambala. 40, kenako 42?"

"Ukalamba, achimwene."

Sanaseke. "Mawa jaji akalola chikalatacho, munthu uja akafera kundende. Ukudziwa."

Chipongwe chake! Munthu amene anakhoza mayeso ndi manotsi anga lero akundiphunzitsa kuwerenga. Ndipo mwina mphunzitsiyo ndi wolakwadi, ndani akudziwa? Mng'ono wanga amakwerera basi pa depoti yomweyo m'mawa uliwonse. Ndadziuza zimenezi kanayi. Sizikulowa.

Lachisanu, 13 Juni

Bwana anabwera okha kudzaonerera, anakhala kumbuyo kwanga penipeni, ndinkamva fungo la perefyumu yawo. Jaji anafunsa ngati boma lili ndi choonjezera asanagamule. Pa pepala langa ndinali nditalemba kale kuti ayi.

Ndinaimirira, ndinati chilipo. Ndiye zipi inakana! Khoti lonse zii, kudikira loya wa boma akulimbana ndi chikwama ngati wogulitsa kaunjika. Itatseguka, mankhwala a mutu anagubuduzika mpaka pa mapazi a Sajeni. Ndinapereka tsambalo kwa kalaliki. Jaji anawerenga kawiri, anavula magalasi, anandifunsa kuti lakhala kuti masiku onsewa.

"M'chikwama changa, bwana jaji."

Kumbuyo kwanga mpando wa Bwana unakhuluka, chitseko phwaa.

Aimitsa mlandu mpaka Lolemba, ndipo ndikafotokoze polemba. Foni yalira kasanu, sindinayankhe. Ndikulemba izi pa benchi, khoti litatsala ndi anthu ochepa. Msilikali wa ndende wayang'ana kumbali dala. Mayi aja amasula mabatani onse a mwana wawo, ayambiranso pansi.