Chiliza cha Msilikali wa ku Burma

Lolemba, 6 Okutobala

Simenti yafika. Chiliza cha bambo tivundukula pa 18. Mawu a pamwala ndapereka kale kwa a Twaibu, ozokota miyala ku Songani: THOMSON NAMAONA, MSILIKALI WA KEYALA, ANAMENYA NKHONDO KU BURMA. Ndinalemba ndekha, mphunzitsi wopuma ine. Achemwali anga a Fanny atawerenga anangoti, "Oo." Nsanje basi. Iwo analekezera Sitandade 4.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ku Zomba pa njinga yamoto. Msana wanga, mayo! Ndimafuna chithunzi cha nyumba ija boma linatenga pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse n'kuisandutsa maofesi a asilikali, komwe bambo analembedwa. Lero ndi sitolo ya penti ndi misomali.

Eni ake, mayi Nafisa, anangondifunsa chomwe ndikujambula. Analakwa. Ndinawaphunzitsa theka la ola, pamodzi ndi makasitomala: nkhalango za ku Burma, chipsera cha chipolopolo pa mwendo wa bambo, zonse. Kenaka iwo analowa kuseri n'kutulutsa chithunzi chomwe anachipeza kudenga pokonza nyumba.

Azungu pamipando. Makalaliki kumbuyo. Kumapeto, munthu wopanda nsapato, chikwama pambali, wagwira njinga. Makutu athu enieni, otambalalawa. Kuseri kwa chithunzicho: 1944, Thomson, mesenjala.

1944! Chaka chomwe ine m'nkhani zanga ndimawaolotsa bambo mtsinje ku Burma mfuti ili pamutu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Zaka makumi atatu ndikuuza ana a eni za Burma. Ena mpaka ndinkawafunsa pa mayeso.

Ndinene zoona, pano palibe akundimva. Bambo sanatchulepo Burma. Ndinawafunsa za chipsera, anati, "Za nkhondo izo," n'kutuluka panja. Zotsalazo ndinawonjezera ine ndili Sitandade 3, kuti anzanga azindiopa. Bodzalo ndinakula nalo mpaka ndinalikhulupirira. Tsopano likupita pamwala. Manyazi bwanji!

Lachiwiri, 14 Okutobala

Masiku atatu ndikuzungulira nyumba ya achemwali. Lero ndinawapeza kudimba, ndinawaonetsa chithunzi pa foni. Sanadabwe n'komwe. "Mwafika tsopano, aphunzitsi?"

Iwo anauzidwa ndi mayi kalekale. Bambo ankadziwa kuwerenga, ndiye anawasunga pa ofesi. Ntchito yawo: kutenga makalata a asilikali omwalira, kupalasa nawo kuno kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, kuwerengera abale mokweza. Anthu akangoona njinga ija, azimayi ankayamba kulira asanadziwe kuti ikhotera nyumba iti. Thupi kunalibe, ndiye ankaika thunthu la nthochi m'manda. Bambo sankabwerera asanathandize kulidula.

Tsiku lina m'chikwamamo munali kalata ya kwawo. Pitala, mng'ono wawo. Wa ku Burma weniweni ndi ameneyo. Agogo anali kumweta mpunga, chikwakwa chili m'manja. Mwana wawo atayamba kuwerenga, iwo anangochiponya, chinakawatema bambo pa mwendo.

Chipolopolo changa n'chimenecho.

Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire zaka zonsezi. Anati, "Inu mukayamba kulankhula mumasiya mpata?"

Lachinayi, 16 Okutobala

Kumanda ndi amisiri. Pambali pa bambo pali kamtumbira kotitimira, kopanda mtanda, udzu wokhawokha. Achemwali analoza ndi mutu: pa Pitala, thunthu la nthochi. Pomwepo ndi pomwe ndinaponda tsiku loika bambo, ndikuuza khamu za ngwazi ya ku Burma. Ndinkalankhula nditaima pa mwini nkhani.

Ndinazula udzu wonse ndi manja. Misozi, ine nkhalamba yonseyi, amisiri akuona.

Ndaimbira a Twaibu. Mizere yam'munsi azokota kale, dzina amamalizira chifukwa zilembo zake n'zikuluzikulu. Ndawauza asafufute kanthu, angolemba PITALA NAMAONA. Mwala umenewo wapeza mwini wake. Wa bambo ayambe wina, ngakhale uchedwe.

Anandifunsa, "Nanga pa wa bambo anuwo tilembe chiyani?"

Ine, wosasowa mawu chibadwire, ndangoti ndiimbanso.

Ndatenga kope ndi pensulo. Ndikupita kwa achemwali, akandiuze zolemba.