Yewo wa Tiwonge

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mpongozi wanu wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Amalira mokweza ngati inu nomwe mukaitana nkhuku. Chimanga chaka chino ndi cha dzina lokha. Denga la khitchini likudonthabe, achimwene akuti akonza, monga ananenera pa maliro anu paja.

Ine ndidakali ku Mzimba, koma mtima suli m'malo. Ndinalowa ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo pakati pa achinyamata ogona kudepoti ndi m'makonde a mashopu. Ndimawafotokozera kuti tidzawatenga magazi n'kuwayeza, akalola ndimalemba dzina. Tikamacheza timawagawira mabanzi ndi tiyi.

Pali mtsikana wina, Tiwonge, wongotha kumene msinkhu. Anathawa kwa amalume ake ku Euthini, ndipo chimene anathawira sanena, amangoyang'ana pansi. Wamkulu womuvomereza kulowa m'kafukufukuyu ndiye palibe, pokhapokha titamubwezera komweko. Nditamufotokozera zonse, banzi lili m'manja mwanga, anati, "Yewo chomene." Ine ndi Chitumbuka changa chotolatolachi ndinati walola, n'kumulemba.

Dzana ndinamuona mlonda wa shopu akumuthira madzi pa makatoni ake ogonera, akumukalipira kuti achoke. Amayi, mwana uja anawerama n'kunena kuti, "Yewo." Mawu omwewo, kuwerama komweko. Mnzanga wa konkuno akuti yewo ndi zikomo, ndi moni, ndi ndamva, nthawi zina ndi ndisiyeni chabe. Nanga wanga uja anali uti?

Munkati mwana wanjala ukamufunsa mbale ili m'manja mwako, amayankha mbaleyo. Ndinkayesa mukunena za ife tikamakana kukatunga madzi.

Magazi amutenga mawa. Akapezeka ndi matenda, uthenga umenewo akaulandirira pa katoni, popanda womugwira dzanja, chonsecho mwina sanaupemphe n'komwe. Abwana akuti mayina ndi ochepa kale, ndisachotse lina. Ndikuopa, Amayi. Ntchito ndikuifuna, koma nkhope ya mwana uja ikundikaniza kudya.

Ndikulonjezani ichi. M'mawa ndikamupatsa banzi lake adye, akhute, apukute pakamwa. Kenako ndikamufunsanso manja anga ali opanda kanthu, ndipo ndikayamba ndamuuza kuti kwa ine akhoza kunena yayi. Sindikudziwa ngati alipo amene anamulolapo kutchula mawu amenewo.

Ndimakukondani monga kale,
mwana wanu Esnati